Mphuno Yobwereka

Mzime atangotsegula chitseko cha firiji anabwerera chambuyo ngati wapondedwa chala.

"Mayo ine! Amayi, muno mwafera chiyani?"

Mawuwo atatuluka anagwira pakamwa, pakuti m'nyumba imene mwangochoka maliro mawu oti kufa satchulidwa mwachibwana. Amayi ake anali pa tebulo akusenda anyezi. Anayang'ana nkhope ya Mzime, kenaka ya mwana wawo wachisamba amene anaima pakhomo la khitchini atatsina mphuno, ndipo pamenepo m'pamene nawonso anakwinya nkhope. Anachedwa pang'ono chabe, koma mwana wachisambayo, amene banja lonse linkamutcha Injiniya, anakuona kuchedwako.

"Amayi, inu mwakhala muno kuyambira m'mamawa. Firijiyi mwaitsegula kangapo, ndakuonani ndi maso angawa. Simunamve fungo limeneli?"

"Ndili ndi chimfine."

"Chimfine chanji chosayetsemula?"

"Cha anthu akuluakulu," anatero amayi, n'kupitiriza kusenda anyezi amene anali atasendeka kale.

Zoona zake zinali zakuti mphuno ya amayiwa inafa kalekale, Mzime akadali kumsana. Anadwala chimfine chija chogoneka munthu pansi, ndipo atadzuka anapeza dziko lonse lilibe fungo. Mvula yoyamba, mafuta ali pamoto, thewera la mwana, zonse zinali chimodzimodzi. Lilime linkamvabe mchere ndi shuga, koma zina zija zimene zimasiyanitsa keke ya mandimu ndi keke ya malalanje zinapita osatsanzika. Ndiye tangoganizani, uyu anali mayi amene dera lonse linkamudziwa kuti Amayi a Makeke, amene makeke ake ankapita kumaukwati ndi kumaofesi. Ndani angaode keke ya ukwati kwa munthu wosamva dzira lowola?

Anauza munthu mmodzi yekha. Amuna awo, amene ankasunga sitolo ya zakudya pa hotela ina, anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mphuno imodzi m'nyumba imakwana. Yangayi ndi yaikulu kale." Ndipo sanali kunama, inali mphuno yoti ukakumana nawo panjira inkayamba kukupatsa moni ndi iyo. Kuyambira tsikulo bamboyo ankanunkhiza chilichonse: mazira asanapite kuntchito, batala, mkaka, poto akabwerako madzulo. Ana anakula akuona zimenezo osadziwa chifukwa chake, ndipo anawapatsa dzina loti a Mphuno, lomwe ankalitchula mwini wake akatuluka.

Firiji nayo inali ndi malamulo a kuhotela. Chophikidwa lero chinkakhala pa shelefu yapamwamba. M'mawa uliwonse chilichonse chinkatsika shelefu imodzi, ndipo chikafika pansi chinkadyedwa tsiku lomwelo kapena kutayidwa, popanda apilo. Motero amayi ankadziwa ndi maso zimene ena amadziwa ndi mphuno. Loweruka lililonse a Mphuno ankavala epuloni ya akazi awo, n'kutulutsa zonse, n'kutsuka firiji akuimba nyimbo imodzimodzi imene ankaidziwa theka lokha.

Koma maliro sadziwa za mashelefu. Masiku amenewo khitchini inadzaza amayi a kutchalitchi, azakhali, alamu, oyandikana nawo nyumba, aliyense ndi poto wake wachifundo, aliyense akukankhira pamene waona mpata. Magetsi anazimanso tsiku limodzi lathunthu. Anthu atabalalika, amayi anatsegula firiji n'kupeza mapoto osanjikizana, makontena opanda zivundikiro, mapepala a pulasitiki omangamanga, osadziwa kuti chinabwera liti n'chiti. Kutaya zinthu zimene anthu anabweretsa akulira kunkaoneka ngati chipongwe. Kufunsa ana kuti anunkhize kunali kudziulula. Choncho ankangotsegula, kutenga mkaka wa tiyi, n'kutseka.

Injiniya anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo. Dzinalo analipata ali mwana, pamene anamasula wailesi ya bambo ake n'kuimanganso tizitsulo tina titatsala m'dzanja. Tsopano ankagulitsa inshuwalansi kumzinda wakutali, ndipo ntchitoyo inamuphunzitsa kuona ngozi paliponse, ngakhale pa mkeka.

"Amayi, nkhani ija ndinakuuzani dzulo. Ine mawa ndikubwerera, ndipo sindikufuna kubwerera ndekha. Chipinda chanu chakonzedwa kale, mayi a ana agula ndi makatani omwe. Nyumba ino tiikamo anthu a lendi."

"Ndinakuyankha dzulo lomwelo."

"Dzulo firiji inali isanayankhe. Munthu wokhala ndi chivundi chotere m'khitchini osadziwa, ameneyo ndi woti akhale yekha? Dzulo mukanatitenthetsera nyama ija, bwenzi pano tili pamzere kuchipatala."

"Achimwene, lankhulani pang'onopang'ono," anatero Mzime.

"Ndikulankhula pang'onopang'ono. Ababa kulibe, amayi. Chisoni chimasokoneza mutu, si mlandu ayi. Koma ine sindingagone tulo uko inu muli nokha kuno."

Amayi anayang'ana uvuni wawo pakona, zitini za makeke zopachikidwa pakhoma kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono, ndi zenera limene makasitomala ankagogoda akabwera kudzatenga maoda. Mpongozi wawo sanali woipa, anali mwana waulemu ndithu, koma m'khitchini ya mnzako umapempha ndi supuni yomwe. Kumeneko akanakhala agogo a pa sofa, odikira kuitanidwa ku tebulo. Kuno anali munthu. Anali ndi keke ya ukwati ya mwana wa atelala a tsidya la msewu, imene analonjeza amuna awo asanagonekedwe m'chipatala, ndipo sanafune kuti ikaphikidwe ndi manja ena.

Mantha anawagwira, pakuti njira zonse ziwiri zinkathera m'galimoto ya Injiniya. Akakhala chete, ana aziti mutu wayamba kuthawa. Akanena zoona, Injiniya apeza chifukwa choposa choyambacho: mayi wosamva fungo la moto angasiyidwe bwanji yekha m'nyumba?

"Mawa ndi mawa," anatero potsiriza, akuika mpeni pansi. "Lero titsuke firiji."

Injiniya anadzuka mwachangu, wokondwa kuti pali choti achite ndi manja. Anapita kugalimoto n'kubwerako ndi chitini cha mankhwala opopera onunkhira, akuchikhutchumula ngati katswiri.

"Ukufuna kutani nacho chimenecho?"

"Kupopera, amayi. Kawiri katatu, nkhani yatha."

"Ukufuna mkaka wanga uzikoma ngati mpando wa takisi? Kabweze. Zula pulagi kukhomako, ubweretse beseni ndi ndowa. Iwe Mzime, tereka madzi, angofunda, asawire, magalasi a mashelefuwa amasweka."

Anayamba kutulutsa. Mzime ankavundukula poto aliyense dzanja atalitambasula kutali, mutu atatembenuzira kumbali, n'kumalengeza ngati wowerenga uthenga wa pa wailesi.

"Poto wa azakhali! Nyemba zamera ndevu."

"Taya."

"Kontena ya amayi a kwaya! Mpunga, koma wayamba kuyenda wokha."

"Taya. Kontenayo uitsuke bwino, eni ake amawerenga zivundikiro."

"Nanga nsomba iyi? Iyi ndiye ikuoneka kuti inafika kuno maliro asanachitike, inabwera kudzadikira."

Injiniya, amene ankanyamula ndowa kupita kubini mpweya atagwira, anaseka mpaka kutsamwa. Aka kanali koyamba kuti m'nyumbamo mumveke kuseka chichokereni bokosi, ndipo onse atatu anachita manyazi pang'ono, kenaka anasekanso.

Firiji itatsala yopanda kanthu, amayi anasungunula soda wophikira m'madzi ofunda aja. Sopo wa fungo ankamukana m'firiji, chifukwa amuna awo ankati batala amaba fungo la chilichonse chimene wagona nacho. Mashelefu ndi madilowa anawatulutsa panja kukatsukidwa pa mpope. Mzime anagwada n'kupukuta makoma, denga, m'makona momwe madzi a nyama anaumira. Amayi anapatsa Injiniya mswachi wakale n'kumulozera labala wa pachitseko.

"Umutambasule ndi chala, ulowetse mswachi m'mizeremo. Ukaona zakuda, imeneyo ndi nkhungu, uthire viniga pang'ono."

"Ine ndimayesa labalayu anabadwa wakuda."

"Wakuda ndi wa kwanu. Wa kuno ndi woyera."

Anapukuta zonse ndi nsalu youma, n'kusiya chitseko chotsegula kuti mupite mphepo. Mashelefu atauma anawabwezera. Dzuwa linali litafika pamutu, ndipo firiji inkawala ngati yatsopano. Injiniya anaweramira m'katimo, n'kudzuka osanena kanthu. Mzime anachita chimodzimodzi. Kenaka Injiniya anabwerera chambuyo n'kuima kumbuyo kwa amayi ake.

"Amayi, tabwerani mumve inuyo. Latha?"

Amayi anadziwa kuti awa ndi mayeso. Zaka zonsezi ankawerenga fungo pankhope za anthu, koma tsopano nkhope zonse ziwiri zinali kumbuyo kwawo. Anawerama, nakoka mpweya wautali monga ankaonera amuna awo akuchita. Sanamve kanthu, monga mwa masiku onse. Maso anawauza kuti muli mbee, paliponse poyera.

"Eee," anatero. "Tsopano ndiye mukununkhira."



"Mukununkha, amayi," anatero Mzime motsitsa mawu. "Osati kununkhira. Fungo likadalipo lonse."

Injiniya sanakalipe. Chimenecho n'chimene chinawapweteka kwambiri amayi: anawagwira paphewa mofatsa, ngati mmene munthu amagwirira wodwala pomukweza masitepe.

"Kakhaleni pansi, amayi. Firijiyi tiitaya. Kwathu ilipo ina yaikulu."

"Siya phewa langa." Anaima chilili akuyang'ana firijiyo, akuyesa kukumbukira Loweruka la amuna awo kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Epuloni, beseni, soda, mswachi, nyimbo. Ndiye pamakhala nthawi ina pamene nyimbo inkamveka ngati ikuchokera m'chitsime, chifukwa woimbayo mutu unali kuseri. "Kokani firijiyi. Ichoke kukhoma."

"Amayi..."

"Ndati kokani. Mukuona kabowo ako pansi pa khoma lam'kati? Madzi onse amatsikira mmenemo, n'kukagwera m'kathireyi kali kumbuyo, pamwamba pa injini. Tsiku lija magetsi anazima, madzi a nyama ndi a nsomba anapita kuti?"

Anakoka. Kuseri kunali fumbi, chivundikiro cha botolo, ndi kathireyi kakuda kodzaza madzi amtundu woti sitingaufotokoze anthu asanadye. Injini ikamatentha inkawaphika pang'onopang'ono masiku onsewa. Mzime anathawira pakhomo akukhosomola, ndipo Injiniya anakachotsa kathireyiko maso akutuluka misozi, n'kukanyamula ndi manja awiri kupita nako panja.

Anasonkhana pa mpope kuseri kwa nyumba. Mzime ankakwecha kathireyi ndi soda, Injiniya ankathira madzi, amayi anakhala pa chitini cha penti chogadabuza akuyang'anira.

"Zoterezi ndiye ankazidziwa a Mphuno," anatero Mzime, akukwecha mwamphamvu kuposa mmene kathireyiko kankafunira. "Kununkhiza. Mulungu awalandire, koma ine zinkandipweteka, amayi, sindibisa. Inu mwaphika tsiku lonse, miyendo yatupa, iwo kungofika n'kuvundukula poto, mphuno m'kati, ngati apolisi ofufuza katundu wakuba. Ndi pamaso pa alendo pomwe! Mukukumbuka tsiku lija ndinabwera ndi anzanga a kusekondale? Munatiphikira keke, iwo anainyamula n'kuinunkhiza mbali zonse, kenaka n'kuibweza kukhitchini, ife n'kumwa tiyi ndi buledi. Anzangawo anandiseka mpaka kutsekera sukulu. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti mwamuna wonyoza mkazi wake choncho ine ayi."

"Anali ovuta, tisaname," anavomereza Injiniya. "Ine chitofu cha gasi chija ndinakugulirani ndi malipiro anga oyamba, anachisunga sabata imodzi n'kukachisinthanitsa ndi cha magetsi. Osandiuza n'komwe chifukwa. Chilichonse cha m'khitchini chinkayenera kudutsa kwa iwo kaye. Inu munkangopirira, amayi."

Amayi anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana. Sanadziwe. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ana amangoseka bambo awo, monga ana amasekera dazi kapena mkonono. Sanadziwe kuti munthu amene ankadzuka m'bandakucha kununkhiza mazira a keke ya eni ake, amene analola kutchedwa dzina lachipongwe m'nyumba yake yomwe, wapita kumanda ana ake akumuyesa wonyoza mkazi. Ndipo bamboyo anadziwa ndithu, sakanalephera kuona nkhope ya Mzime tsiku lija la buledi, koma sananene kanthu mpaka kutseka maso.

Nyumba anaifuna, anaifuna ndi mtima wonse. Koma kuisunga pamtengo umenewu anaona kuti sangathe.

"Tseka mpopewo," anatero. "Ndikufuna mundimve bwino, chifukwa sindibwereza. Ine chimfine ndilibe. Mutu wanganso uli bwinobwino. Ine sindimva fungo. Sindinamvepo fungo lililonse chiyambire iwe Mzime uli kumsana."

Anafotokoza zonse, za matenda aja, za makasitomala, za mashelefu otsika. Ananena mosalira, akuyang'ana kathireyi kali m'manja mwa Mzime.

"Tsiku la anzako lija, batala anali atayamba kuwonongeka. Ine sindikanadziwa. Bambo ako anasankha kuti anzako aziseka iwo, kusiyana n'kuti akadwale m'mimba n'kukauza makolo awo kuti keke ya Amayi a Makeke ndi imene yawadwalitsa. Usiku wake sanadye, ankangoti mwana ndamuchititsa manyazi. Ndipo iwe, chitofu chako anachikonda, anachisisita ngati mwana wa mbuzi. Koma gasi akamatuluka amadziwika ndi chiyani?"

Injiniya anakhala pansi pa simenti yonyowa, buluku lake la kuofesi lomwelo. Mzime anali atagwira mswachi m'mwamba, misozi ikutsikira pachibwano, osaipukuta chifukwa manja anali a soda.

"Bwanji osatiuza?" anafunsa. "Amayi, bwanji? Ine ndakhala ndikuwasungira mkwiyo munthu wosalakwa."

"Poyamba munali ana, mukanakaulula kusukulu. Kenaka munakula, ndipo ine ndinachita manyazi kuti ndabisa nthawi yaitali. Iwo ankandiuza kuti tiwauze. Wokana ndinali ine."

Kenaka Injiniya anapukuta kumaso ndi mkono, ndipo wa inshuwalansi uja anadzuka mwa iye, monga amayi ankayembekezera.

"Ndiye amayi, pamenepa mwandipatsa chifukwa chachikulu. Waya atapsa usiku? Poto atapserera inu muli kuchipinda? Kale kunali ababa. Pano kuli ndani?"

"Bambo ako ankachoka m'mawa, kubwera dzuwa litalowa. Masana onse ankandinunkhizira ndani? Mafuta akapsa amasintha kulira kwake, ndimawamva ndi khutu. Keke ikapsa imachoka m'mbali mwa chitini, ndimaiona. Wotchi ija ili pamwamba pa uvuni mumayesa ndi yokongoletsa? Tandiuza, chibadwire chako wadyapo chopserera kangati m'nyumba muno?"

Injiniya anaganiza moona mtima, pakuti anali mwana woona mtima ngakhale pamene zikumuipira.

"Kamodzi. Koma anaphika ndi Mzime."

"Achimwene!"

"Wamva," anatero amayi. "Mphuno yokha ndiyo ndinkabwereka. Mutu, maso ndi manja ndi zanga. Chandigwetsa sabata ino ndi chifundo cha anthu, chimene chinalowa m'firiji mosatsata mzere. Tiyeni m'nyumba ndikuonetseni."

Anabwezera kathireyi, natsukanso kabowo kaja ndi madzi a soda mpaka madzi anatuluka oyera kuseri. Anakankhira firiji kukhoma, kusiya mpata woti mphepo izidutsa. Amayi anaika makala ochepa m'kambale n'kukakankhira pakona, kuti azimwa fungo lotsalira. Kenaka anatenga zochepa zimene zinapulumuka n'kuyamba kuika chimodzichimodzi, chilichonse chovundikira bwino, akutchula malo ake: ndiwo zophika lero pamwamba, za dzulo pakati, mkaka kumbuyo kozizira osati pachitseko, nyama yaiwisi mufiriza.

"Ndiye n'chifukwa chake ankatikalipira tikaika mbale pa shelefu yolakwika," anatero Injiniya pang'onopang'ono. "Ine ndinkayesa ndi usilikali chabe."

Mzime anaweramira m'firiji n'kukoka mpweya, kawiri. Atadzuka anagwira mphuno yake, imene kuyambira ali mtsikana ankadana nayo pagalasi chifukwa inali ya bambo ake yeniyeni, yosachotsera.

"Latha," anatero. "Muli fungo la madzi basi." Anatembenukira kwa mchimwene wake. "Ine ndimakhala mumzinda womwe uno, achimwene, basi imodzi yokha. Loweruka ndizibwera. Mazira a keke ndizidutsa kuwanunkhiza popita kuntchito. Chimphuno ichi chandizunza moyo wonse, chigwireko ntchito."

"Iwe wake amene umadzuka dzuwa lili pamutu?" anatero Injiniya.

"Ndizidzuka."

Injiniya anayendayenda m'khitchini, anayang'ana mawaya a uvuni, anagwedeza soketi, anasuzumira kudenga. Amayi sanamusokoneze. Anadziwa kuti mwanayu sankafuna nyumba kapena lendi, ankangoopa kulandiranso foni ngati imene analandira masiku apitawo.

"Tiyese," anatero potsiriza. "Tiyese kaye. Koma ndigula tizipangizo tija timalira utsi ukangotuluka, kamodzi muno, kena kukhonde la kuchipinda. Ndipo foni muziyankha, amayi, osati kumaisiya m'chitini cha ufa."

"Ugule. Koma adzamangirire ndi munthu wodziwa."

"Ndimanga ndekha."

"Ndiye utsi ukadzatuluka kadzayamba kuulutsa nkhani za m'dziko."

Mzime anaseka mpaka kugwira chitseko cha firiji. Injiniya anapukusa mutu, koma anali akumwetulira, ndipo anatuluka kukaimbira foni mkazi wake kuti makatani aja akhale a alendo.

Dzuwa litapendeka, amayi ndi Mzime analowa kuchipinda kukapinda zovala za malemu, ntchito imene amayi ankaizengereza chichokereni anthu. Mashati anali ochapa kale, ositidwa, osanena kanthu za mwini wake. Koma kuseri kwa chitseko kunali jekete lotuwa limene bamboyo ankavala madzulo aliwonse, lili pa msomali pomwe analisiya tsiku lopita kuchipatala. Amayi analitsitsa n'kulifungatira. Masiku onsewa ankaona alamu awo, azakhali, ngakhale Injiniya, akudutsa pafupi ndi jeketelo n'kuima mwadzidzidzi, maso n'kudzaza misozi, ndipo ankadziwa kuti anthuwo akumana ndi chinthu chimene iwo, mkazi wake, sakanakumana nacho. Nsanje imene anamva inali yoopsa, ndipo analibe womuuza.

Tsopano womuuza analipo.

"Mzime," anatero, akumupatsa jeketelo. "Tandiuza. Bambo ako ankamveka fungo lanji?"

Mzime analilandira ndi manja awiri. Anaika nkhope pa kolala, natseka maso, nakhala choncho nthawi yaitali.

"Sopo wometera ndevu," anatero. "Mafuta aja ankadzola kumutu. Mandimu pang'ono, kumanja kuno. Thukuta lawo, koma osati loipa, la munthu woti wayenda padzuwa. Ndi..." Anatsegula maso n'kuyang'ana Injiniya, amene anali atangofika pakhomo foni ili m'manja.

"Ndi chiyani?"

"Ndi fodya, amayi."

"Fodya wanji?"

"Ndudu."

"Iwe, bambo ako anasiya fodya usanayambe n'kuyenda komwe. Anandilonjeza atagwada pakhonde paja, paketi anaiponya m'moto ine ndikuona."

Ana awiriwo anayang'anana. Injiniya anakanda kumutu.

"Amayi, ababa ankasuta madzulo aliwonse, kuseri kwa thanki ya madzi. Imodzi yokha, akatha kudya. Tonse tinkadziwa, msewu wonse unkadziwa. Ife timayesa inu mumangowalekerera."

"Ankati akukapunga mphepo!"

"Mphepo yake inali imeneyo."

Amayi anakhala pa bedi pang'onopang'ono. Anayang'ana jeketelo, nayang'ana ana awo, kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezo munthu ankabwera kuchokera kuseri kwa thanki, n'kudzakhala pambali pawo pa sofa, phewa kukhudza phewa, nkhope ili phee ngati ya m'busa, akudziwa bwino lomwe kuti m'dziko lonse muli munthu mmodzi yekha amene sangamugwire.

"Wakuba iwe," anatero, n'kulanda jeketelo kwa Mzime, nalimenya khofi pa thumba. "Tambwali wachabechabe! Ndiye malipiro ako anali amenewo?"

Kuseka kunawatulukira kuchokera m'mimba, kwamphamvu, mpaka anagwira nthiti, ndipo kunasanduka kulira osadziwa kuti kwasintha nthawi yanji, n'kubwereranso kukhala kuseka. Mzime anakhala mbali imodzi, Injiniya mbali inayo, bedi likulira ndi kulemera kwa anthu atatu.

Atapuma, amayi anapukuta maso ndi mkono wa jekete lomwelo, nawongola kolala ndi zala.

"Ili lisachapidwe," anatero. Kenaka analibweza m'manja mwa Mzime. "Bwerezanso, pang'onopang'ono. Uyambire pa kolala, ndipo fodyayo usamudumphe."